A Zimitsani ndi Mazira a Kuseri kwa Maseva

Dzina lenileni la mkulu wokonza makina pa ofesi yathu tinaliiwala kalekale. Tonse tinkangoti a Zimitsani. Munthuyo akaona kompyuta ikuyaka popanda woigwiritsa ntchito, mtima unkamupweteka ngati waona mpopi ukutaya madzi. Ukangodzuka kupita kuchimbudzi, pobwera unkapeza sikirini ili bii.

"Koma bambo, ndinali pakati pa lipoti!"

"Ndiye limadzilemba lokha? Magetsi satola pansi, mwana wanga."

Mdani wawo wamkulu chinali chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu aja osazimitsidwa. Amadya magetsi pogwira ntchito, makina ena n'kudyanso magetsi powaziziritsa, mpweya wotenthawo n'kumangotayidwa panja. "Tikuwothetsa khoma moto," ankadandaula motero.

Abwana athu, mayi wosaseka ndi munthu, anawachenjeza: "Mukadzangokhudza kanthu m'chipindamo, ntchito yatha."

M'chipindamo sanakhudzedi kanthu. Anazungulira kuseri kumene mpweyawo umatulukira, n'kukhomako bokosi, n'kuikamo mazira.

Tsoka ilo, tsiku lomwe kunabwera alendo odzaona makina, abwana ali pakati pofotokoza monyadira, kuseri kunamveka piyo! piyo!

"Seva yanji yolira choncho?" anafunsa mlendo wina.

Tonse tinathamangira kuseri, koma palibe anaseka. Mkuluyo anali ndi ana pasukulu, ndipo abwana sankabweza mawu.

A Zimitsani anavula chipewa. "Mayi, m'chipinda sindinalowe. Ndangotola zomwe mumataya."

Abwana anayang'ana m'bokosimo nthawi yaitali, mpaka kamwanapiye kena kanawajompha chala. Kenako anafunsa, nkhope ili gwaa: "Mpweya wonsewu ungakwane mabokosi angati?"

Ntchito sinathe. Kuseriko kunamangidwa shedi, ndipo amayi oyandikana nafe amabweretsa mazira awo mpaka lero.

Chaka chatha a Zimitsani tinawaika m'manda. Ine amene ndinkakangana nawo koposa onse, ndimawasowa kwambiri. Mu ofesi mwangoti zii, palibenso wotikalipira. Ankalakalaka paipi yopititsa mpweyawo kuchipatala cha pafupi kuti izitenthetsa madzi ochapira, koma sanaione. Ikuikidwa mwezi uno.

Dzana abwana anapeza woika mapaipi atasiya mpata, mpweya ukuthawira panja. Mawu awo tinawamvera m'kati:

"Tsekani apo msanga! Mukufuna mkulu uja adzuke?"