Tsiku Limene PUK Inalowa M'fakitale ya Tiyi

Amene akukayika achoke pa shedi pano akakayikire m'munda, chifukwa ine Namakhwa sindinanamepo chibadwire, kupatula potsatsa mbuzi, ndipo limenelo si bodza, ndi malonda.

Inu mumangoti SIM, PIN, GPS ngati mukutchula mayina a azakhali anu, koma matanthauzo ake ine ndinawaphunzira ndi thukuta. SIM ndi chitupa cha foni, kakhadi kouza netiweki kuti mwini wake ndani. PIN, azungu amati Personal Identification Number, nambala yachinsinsi ya mwini wakeyo. Mawu akuti mwini wake muwagwire bwino, pakuti foni inali ya akazi anga, amake Loveness, ndipo ine ndine mkamwini pamudzi pawo ku Thekerani.

Iwo atapita kothyola tiyi, ndinayatsa foni ija kuti ndingoona nthawi. Inafuna PIN. Ndinaipatsa chaka cha ukwati wathu, inakana, chaka chimene ndinabadwa, inakana, nambala yanga ya pa esiteti, inadzitseka n'kuyamba kufuna PUK. Imeneyo ndi Personal Unblocking Key, kiyi wa manambala asanu ndi atatu wotsegulira ukalakwitsa PIN katatu, ndipo umayesa kakhumi kokha, ukaphonya komaliza SIM imafa, maliro opanda nyimbo. Ine amene ndinanenererapo ng'ombe mpaka mwini wake anandiwonjezera thole, ndinati foni ndiinyengerera. Ndinalakwitsa kasanu ndi kanayi. Mukumva? M'SIM imeneyo munali manambala a abale awo onse a ku Mozambique, oti aitanidwe ku chinkhoswe cha Loveness Loweruka lomwelo.

Amake Loveness atabwera sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Loveness, mphasa yanu ija sichedwa kupinda."

PUK imalembedwa pa khadi lalikulu lija mumathyolapo SIM pogula. Iwo khadilo anali atalimangirira pa dengu lawo kuti lisasokonezeke ndi la anzawo pasikelo, ndiye m'mawa womwewo kachingwe kanaduka, khadi linagwera m'masamba, masamba anakwera thirakitala.

Ndinaliyatsa liwiro kudutsa mizere ya tiyi osaponda pansi, moti chithunzithunzi changa chinandipeza mawa lake chitakwera kabaza, koma pofika ku fakitale makina anali atameza kale masamba aja, kuwaduladula, kuwaumitsa, kuwathira m'matumba, ndipo ine ndinanunkhiza thumba lililonse mpaka mphuno inapeza fungo la pulasitiki, ndinakhuthulira thumba lonselo mu diramu ya madzi owira, kusefa ndi neti ya udzudzu, manambala n'kuyandama motsatana ngati ana a sukulu pamzere. Ndinawerenga: asanu ndi awiri. Yotsala inali itapita ndi lole ya ku doko.

Apa mpamene ndinadziwira GPS, Global Positioning System, masetilaiti a m'mwamba odziwa pamene chinthu chilichonse chili. Ndinakwera bulugamu wamtali kuposa onse, ndinakodola setilaiti imodzi, inatsika ikuzengereza ngati kalaliki Lachisanu, inafuna mbuzi, ine ndinati mbuzi m'mwamba idya chiyani, inatsikira pa nkhuku, ndinayamba kutsika mumtengo ngati sindikufunanso, inandiitana, tinagwirizana phava la nthochi. Mukumva? Inandilozera lole itaima pa Luchenza, dalaivala akugula chinangwa. Ndinapisa dzanja m'thumba la tiyi lapansi penipeni pa loleyo, nambala ija n'kundiluma chala. Chipsera chake ndi ichi.

Pobwerera kunyumba, amake Loveness anali atakhala pakhonde, mphasa yanga itatsamira khoma. Ndinadina manambala aja imodziimodzi, nkhuku zonse pabwalo zitasiya kutola. Foni inaganiza. Inaganizanso. Kenako inatseguka, abale onse ali momwemo, amoyo, kuyambira amalume mpaka wosoka madiresi. Anthuni, mpweya umene ndinatulutsa unaumitsa zovala pachingwe. Ku chinkhoswe ndinavina mpaka bondo linandikumbutsa zaka zanga.

Amake Loveness amaifotokoza mosiyana. Akuti khadi analipeza okha mu gambuti yanga, m'mene ndinatsekera bowo dzinja latha, ndipo akuti ulendo wanga wonse unali wochoka pampando kukabisala kuseri kwa khola. Mukakumana nawo musawatsutse. Ndikukhalabe kwawo.