Laputopu m'thumba la mpunga

Mukamva anthu pa Khombedza akunditchula kuti "a Laputopu", musaganize kuti ndimadziwa makompyuta. Dzinali ndinalipeza pachigayo, khamu likuona, ndipo sindinalipemphe.

Mwana wanga Tadala ali folomu 4 ndipo amaphunzira za makompyuta. Kusukulu kwawo makina ndi ochepa, moti kompyuta amangoionera pamapewa a anzake. Mayeso atayandikira, mlamu wanga wa ku Lilongwe anatumiza laputopu yake yakale pa minibasi kuti mwana azizoloweretsa zala. Inafika Tadala ali kwa azakhali ake ku Salima, ndiye ndinati ndimukonzere, adzaipeze ili bwino.

Nditaitsegula ndinachita tsinya. Mabatani anali onona mafuta, m'mipata muli nyenyeswa za mtedza ndi zina zomwe sindinazizindikire (mlamu wangayo amadya akugwira ntchito, thupi lake ndi mboni). Ife tinakula ndi lamulo limodzi: chakaunjika sichivalidwa chisanachapidwe. Ndinatenga beseni, sopo waufa ndi mswachi wakale, n'kukwecha batani lililonse mpaka inawala ngati mbale ya alendo. Kenako ndinadina poyatsira. Zii. Ndinadinanso. Zii.

Madzulo ndinakafotokozera a Chikaonda, anzanga a pabawo, ngati kuti zagwera munthu wina.

"Munthuyo aikwirire mumpunga," anatero osadzutsa mutu. "Mpunga umakoka madzi. Foni yanga itagwera m'nyanja ndinatero."

"Inadzuka?"

"Ayi, koma inauma bwino."

Mpunga ndiye sitisowa pakhomo. Ndinamasula thumba limodzi la wosakonola, ndinailowetsa pakati penipeni, n'kusokanso kukamwa kuti mayi a Tadala asadziwe. (Pa zonse zomwe ndinachita, kusokako kokha ndiko ndinachita mwaluso.)

M'mawa ndinapita kudimba. Pobwera ndinapeza thumba lija palibe. Mnansi anandiuza kuti mayi alikweza pa kabaza, apita kukakonoletsa mpunga wa chinkhoswe cha mng'ono wawo. Ndinapalasa njinga mwaliwiro kulowera kuchigayo. Sindinkaganiza za chinkhoswe ayi, koma za Tadala, amene anali atauza kale kalasi yonse kuti kwawo kukubwera laputopu.

Pachigayo panali mzere wa matumba, onse oyera, onse ofanana, ndipo mayi a Tadala sankaoneka. Ndinayamba kuwafinya limodzilimodzi. M'thumba lina ndinamva cholimba, ndinalimasula n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Inali mbale yoyezera.

"Bambo inu, mukufuna chiyani m'thumba mwanga?" anakuwa mayi wina.

"Pepani mayi, ndikufuna katundu wanga."

"Katundu wanu mumpunga wanga? Anthuni, wakuba uyu!"

Anthu atayamba kundizungulira, makina anazima mwadzidzidzi. Bambo woyendetsa makinawo anali atakhuthula thumba lathu, ndipo laputopu inali itapingasa pothirira, mpunga ukutayikira m'mbali. Anaikweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Zoika miyala kuti thumba lilemere tinazizolowera," anatero. "Koma izi ndiye zachitukuko. Mwini wake ndani?"

Apo ndi pamene mayi a Tadala anatulukira kuchokera kumsika, mchere uli m'manja. Anayang'ana laputopu, kenako mkono wanga wotuwa ndi fumbi la mpunga.

"Mayi, bambowa mukuwadziwa?" anafunsa mwini mbale uja, atandigwirabe malaya.

"Ndi bambo a kunyumba," anayankha mosathamanga. "Asiyeni, ndikawafunsa ndekha."

Anandifunsadi, kuyambira pachigayo mpaka pakhomo, ine ndikukankha njinga.

Tadala atabwera anaichajitsa, ndipo inayaka. Ndili mkati motamanda a Chikaonda, anandionetsa kuti mabatani onse a mzere wapakati, omwe ndinakwecha ndi mtima wonse aja, anali atafa. Sanakalipe. Anangoti, "Ababa, mayeso ake ndi otayipa." Zimenezo zinandiwawa kuposa kukuwizidwa pachigayo.

Anamupulumutsa ndi mayi ake, amene anakapeza pamsika kiyibodi yolumikiza ndi chingwe, nayonso yakale. Anamupatsira m'manja ine ndili pomwepo, ngati ndine mpando. Pano Tadala amatayipa madzulo aliwonse, ndipo laputopu ikatentha imapuma tifumbi ta mpunga. Akamapita kusukulu amaikiyira m'sutikesi, kiyi n'kupita naye.

Ndaphunzira kuti si chakaunjika chilichonse chimafuna sopo. Komabe kiyibodi ija ndaiyang'anitsitsa, pakati pa mabatani pali litsiro, ndipo mswachi uja sindinautaye.