Tsiku Limene Tinavala Mamasiki

Kwa a Wapampando,
Komiti Yopeleka Mphoto kwa Ophunzila a ku Yunivesite.

Monile, bwana.

Ine ndine Eston Zimba, wosankha fodya pa shedi ya kampani ina kuno ku Chikomeni. Sukulu ndinalekela giledi 6, choncho mundikhululukile pamene zilembo zapendama. Kalatayi ndailemba mobweleza kuopa kukunyansani.

Tinamva pa wailesi kuti mwapeleka mphoto yoyamba kwa mnyamata Darius, amene anafufuza za umoyo wa anchito pa shedi yathu. Akuti anapeza kuti ndife otetezeka kwambili. Tinakondwa kumva zimenezi, pakuti sitinali kudziwa.

Ndiloleni ndithokoze mwandondomeko.

1. Zikomo potitumizila mwana woleledwa bwino. Anadziwitsa kampani pasadakhale za tsiku lobwela, motelo a kapitawo anapeza mpata wotsegula stolo. Tsikulo tonse tinavala maovolosi ndi mamasiki, ndipo pansi anawaza madzi kuti fumbi ligone. Enafe tinavala masiki chadodolido, koma a kapitawo anatikonza mwachikondi.

2. Zikomo kaamba ka mafunso ake. Popeza Chitumbuka sachimva, a kapitawo omwewo anadzipeleka kumasulila mayankho athu. Komanso kwathu kuno mlendo sitimulandila ndi madandaulo. Tinayankha bwino tonse.

3. Pochoka, galimoto yake isanafike pa msewu waukulu, zovala zija zinali zitabwelela m'stolo, zopindidwa bwino. Musade nkhawa, zikali zatsopano.

Chachinayi ndachita mantha kuchiika nambala. Mkazi wanga Linah amasankha fodya pambali panga, ndipo akutsokomola mpaka kugwila khoma. A ku kiliniki anati mapapo ake sadzapilila nyengo ina m'fumbi. Atapempha kuti azigwila nchito ya panja, a manijala anamutsegulila buku la kafukufuku wa Darius. M'menemo muli chithunzi cha Linah yemweyo atavala masiki. Anamuuza kuti chifuwa chake anachitenga kumudzi, pakuti ophunzila anatsimikiza kuti pa shedi palibe fumbi. Ine ndine yani kuti nditsutse buku lolandila mphoto? Mwina chifuwacho ndicho sichinaphunzile.

Sindikudandaula, bwana. Chonde a kapitawo asamve kuti ndadandaula.

Ndili ndi pempho laling'ono chabe. Fodya ayamba kulowa m'shedi mwezi wamawa. Titumizileni wophunzila wina, ngakhale amene analephela mayeso. Asavutike kufufuza, asalembe kanthu. Angokhala pakhomo la shedi ndi cholembela m'manja, kuyambila m'mawa mpaka poweluka, kufikila fodya atatha. Pogona ndi chakudya tidzamupatsa ife. Ngati malamulo anu afuna kuti nayenso alandile mphoto, mupatseni ndithu. Ife tidzaomba m'manja, ndipo Linah adzaomba nafe ngati adzakhala alipo.

Yewo chomene.

Ine wanu wogwada,
Eston Zimba,
Chikomeni, Lundazi.