Mmene ndinakwatitsira Salifeti

Mpaka lero ndikadutsa pa Nsaru pali amayi ena amene amandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Chinayambitsa zonsezi ndi phunziro la kemisitiri.

Ndinali mphunzitsi watsopano pa sekondale ina yoyendera chakumeneko. Labu kunalibe, mankhwala kunalibe, koma ndimayenera kuphunzitsa a Fomu 3 kulosera zomwe zimatuluka mankhwala awiri akasinthana mbali zawo. Anawo ankalakwitsa chinthu chimodzi: akafika pa salifeti ankamuphwasula, salifa uku, okosijeni uko, chikhalirecho gululi limayenda limodzi.

Ndiye ndinaganiza zochita sewero (nzeru zoterezi zimandibwerera ndikakhuta). Ndinaimika mtsikana wina, Chisomo, kuti akhale Salifeti, anzake anayi, oimira okosijeni, atamugwira siketi ngati ana ake.

"Mayi akamachoka pabanja sasiya ana," ndinatero, ndipo kalasi yonse inagwedeza mitu.

Kenako ndinamupatsa anyamata awiri, paja salifeti mmodzi amafuna masodiyamu awiri. Mbali inayi ndinaimika mnyamata wina, Yamikani, ngati Beriyamu, ndi atsikana awiri a Kolorayidi. Nditalamula kuti asinthane, Chisomo ndi ana ake anapita kwa Yamikani. Ndinalengeza kuti banja latsopanoli silisungunuka m'madzi, limakhazikika pansi lili mbuu.

Wina kumbuyo anafunsa, "Sala, ndiye ndi chidyerano eti?"

Ine, pokondwa kuti amva, ndinati chimenecho.

Sindinkadziwa kuti bambo a Chisomo ndi mkulu wa mpingo, komanso wapampando wa komiti ya sukulu. Lolemba ndinapezeka mu ofesi ya ahedi, omwe anandinong'oneza kuti ndili m'madzi, komiti ikufuna ndichoke pasukulupo. Bambo a Chisomo anali atakhala momwemo.

"Aphunzitsi," anayamba mkuluyo modekha, "kodi n'zoona kuti mwana wanga munamupatsa amuna awiri?"

Apa munthu wanzeru akanangopepesa. Ine ndinafotokoza kuti sindikanachitira mwina, mmodzi sakanakwanira (ndinamva ahedi akuusa moyo).

"Kenako munamulanda n'kumupereka kwa wamitala."

"Ayi bambo, nthawi imeneyo akazi ake anali atatengedwa kale."

Ndinapepesa pa asembule, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Chinandipulumutsa n'chakuti panalibe wina wophunzitsa kemisitiri. Chisomo anamaliza sukulu akutchedwa Mai Beriyamu, ndipo zimenezi zinkandimvetsa chisoni. Komabe kalasi imeneyo palibe anaphwasulanso salifeti.

Chaka chatha kunabwera khadi la ukwati, la Chisomo ndi Yamikani. Ndinapita n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Pa perekaniperekani bambo aja anatenga maikolofoni.

"Aphunzitsi aja ndawaona. Abwere kutsogolo kuno adzavine okha, ndiwo anayambitsa zimenezi."

Ndinavina, holo yonse ikundiloza. Phunziro lija ndimaphunzitsabe, koma masiku ano ndimagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Zimenezo zilibe makolo.