Ine wa Fulasiki, Pakona pa Zithunzi Zonse Khumi ndi Ziwiri

Kuseri kwa chigayo,
Nangongwe, Kafue.

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Bungwe Lokonzekera Mphamvu za Mawa,
Lusaka.

Bwana wanga,

Ndalemba kalata iyi nditagwada, ngakhale maondo anga masiku ano amadandaula. Dzina langa simulidziwa, koma dzanja langa mumalidziwa: ndine ndimakuthirirani tiyi wa masupuni atatu a shuga mukabwera ku loji ya m'mbali mwa mtsinje kuno ku Kafue. Ndine Winfrida Mvula. Ndalemba poyera chifukwa makalata anga awiri oyamba anafika ku ofesi kwanu, ndipo ndamva kuti akupumula bwino.

Nkhani ndi ya makina amene ali m'bokosi ku shedi ya ku mafakitale, amene anabwera ndi akatswiri a ku Jeremani ndi a ku Namibia. Makinawo amatenga madzi n'kuwalekanitsa ndi magetsi a sola, kuti patuluke mpweya wa haidrojeni woyendetsera mafakitale popanda utsi. Alendowo anaika lamulo limodzi chabe. Padzakhala maphunziro khumi ndi awiri, mwezi uliwonse phunziro limodzi, ndipo pomaliza papezeke munthu wa kuno, ngakhale mmodzi, amene wamva onse n'kukhoza mayeso. Akasowa, bokosi likwera lole kupita dziko lina. Mayesowo ndi Lachisanu la sabata yamawa. Tsono ndiloleni ndikuthokozeni mwandondomeko.

1. Zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Bungwe lanu linapatsidwa mipando isanu. Inu, pokhala bambo wa onse, munaona kuti si bwino kuti anthu asanu okha adye nkhuku ya ku loji chaka chathunthu, n'kumalandira zikwama ndi makapu, anzawo akungomva fungo. Choncho munalamula kuti azisinthana. Januwale anabwera a ku sitolo yosungira katundu wa bungwe, Febuluwale a ku rejisitala, Malichi madalaivala, mpaka alonda anaonako tsiku lawo. Lero muli ndi anthu makumi asanu ndi limodzi, aliyense ali ndi satifiketi yokongola ndi phunziro limodzi m'mutu. Palibe amene anganene kuti munakondera.

2. Zikomo potidziwitsa kwa alendo monga anthu ochuluka. Mphunzitsi wamkulu, dokotala wa sayansi wachizimayi wa ku Namibia, ankapeza nkhope zatsopano mwezi uliwonse. Mwezi wachinayi ananditengera pakhonde n'kundifunsa monong'ona ngati ophunzira ake akumwalira. Ndinamulimbitsa mtima kuti onse ali bwino, kungoti kuno timagawana. Kuyambira tsikulo ankaphunzitsa akuyang'ana kumbuyo, pamene ndimaima ndi fulasiki, popeza nkhope yanga ndi yokhayo imene ankaikumbukira. Ine ndikanatani? Munthu akamakuyang'ana polankhula, ulemu ndi kumvetsera. Ndinamvetsera chaka chonse, ndipo masikono akatha ndinkalemba kuseri kwa mapepala okulungira.

3. Zikomo kwa akuluakulu anzanu a kale, amene anandimasula. Atate anga anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anandiphunzitsa mpaka ndinalowa m'labu ya fakitale ina kuno. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkayeza mipweya, kuphatikizapo haidrojeni yemweyu. Nthawiyo anali asanabiriwire, monga amamutchulira wa sola uyu, tinkamupanga ndi malasha, koma khalidwe lake silinasinthe. Sanunkha, saoneka, ndipo akayaka masana lawi lake simuliona. Tikakayikira paipi tinkatsogoza tsache, likapsa tadziwa. Kenaka misika inatsegulidwa, mafakitale anayamba kutsetsereka, ntchito zinatithera, ndipo tinauzidwa kuti tsopano ndife aufulu kuyamba mabizinesi. Ufulu wanga unali fulasiki. Bwana, pano ndisabise, ndinalira. Ntchito ija ndinkaikonda, ndipo tsiku limene dokotala anajambula paipi pa bolodi, ndinaiwala kapu mpaka ndinathira tiyi pa nsapato za Ba Obed, dalaivala wanu.

4. Zikomo chifukwa cha malamulo olimba. Ndinapita kwa Ba Edna a ku rejisitala kukapempha kuti ndilembe nawo mayeso. Anandilandira bwino, anandipatsa moni wa shani shani n'kufunsa za ana, kenaka anandiuza zinthu zitatu: sindine wa bungwe, zaka zanga zapitirira za achinyamata, ndipo dzina langa mulibe m'buku la opezekapo. Zonse ndi zoona. Koma mukatopa ndi ntchito, Bwana, kwezani maso pakhoma la ofesi yanu. Munakhoma zithunzi khumi ndi ziwiri za maphunzirowa. Pakati pali inu, popeza munkabwera kudzatsegula n'kubwerera tikangomaliza kudya. M'mbali mwanu anthu akusinthasintha. Pakona ya kumanzere pali mayi wonenepa wa epuloni, nthawi zina theka lokha, nthawi zina chigongono ndi fulasiki. Chigongono chimenecho chinamva maphunziro onse.

5. Zikomo koposa chifukwa cha nzeru yanu yatsopano, imene yamveka mpaka m'maminibasi. Akuti mwapempha alendo kuti anthu khumi ndi awiri alembe mayeso papepala limodzi, aliyense funso lake, ndipo munawatanthauzira kuti kwathu mutu umodzi susenza denga. Akuti alendowo, poopa kunyoza chikhalidwe, akuganizirabe. Ine ndani kuti nditsutse mwambi? Kungoti pali kanthu kakang'ono. Phunziro la kayatsidwe ka makina linagwera Ba Obed. Phunziro la kazimitsidwe, mpweya ukayamba kuthawa, linagwera Ba Shadreck a ku sitolo, ndipo mwezi watha munawakweza pantchito n'kuwatumiza ku Mansa. Ndinawafunsa Ba Obed kuti adzatani zikavuta. Anati ndisadandaule, makina onse ali ngati galimoto, ukadziwa kuliza, kuzimitsa umangobweza kiyi. Makina awa alibe kiyi, Bwana. Pali batani lofiira lodula magetsi, kenaka mavavu awiri otsekera mapaipi, ndipo amatsekedwa motsatana. Mpweyawu umaphulika, ndipo kuchokera ku shedi kufika pa nyumba yanga, mwana woyenda pansi safunika kupuma panjira.

Musaganize kuti ndikufuna bokosi lipite. Ayi ndithu. Ndikufuna likhale, litsegulidwe, ana a mu Nangongwe amene amagona mu basi ya ku Lusaka m'mawa uliwonse apeze ntchito pafupi ndi kwawo. Ndipo ndikufuna, ndisanakalambe kwenikweni, ndivalenso jasi loyera, ndiphunzitse atsikana awiri atatu zimene ndikudziwa, kuti zisathere m'mutu mwa wophika.

Pempho langa ndi laling'ono. Lembani mzere umodzi wondilola kukhala pa mpando Lachisanu, ndi pensulo m'malo mwa supuni. Ndikalephera, mudzanditchule pa wailesi kuti ndine wabodza, ndipo tiyi wanu sadzachepa shuga chifukwa cha zimenezo.

Koma ngati malamulo akukumangani manja, ndipo anthu anu khumi ndi awiri akhoza ndi pepala lawo limodzi, ndili ndi pempho lina locheperapo. Tsiku lodula riboni, pamene Ba Obed adzayatse makina inu mutaima pafupi kuti mutuluke bwino pa chithunzi, uzani okonza malo asaike tebulo la tiyi kutali pansi pa mtengo. Aliike pambali pa batani lofiira, poti dzanja langa lifike. Sindidzauza munthu. Alendo adzangoona ngati ndikukuthirirani tiyi.

Ine wantchito wanu wosalembedwa m'buku,

Winfrida Mvula (Mayi)