Tsiku Limene Ndinaluma Waya wa Intaneti

Inu mukusekanu, amene munabadwa foni ili kale m'thumba, senderani kuno muone mano awa. Kudaku si fodya ayi, ndi intaneti imeneyi, ndipo wotsutsa anyamuke pompano apite ku Lifuwu akafunse a Jailosi, akadali moyo.

Inali nthawi ija ya matipate, mahotela a ku Senga Bay atagwa m'manja mwa eni atsopano amene anachotsa anthu ntchito ngati akupeta mpunga. Ine ndinali mesenjala pa kaloji ka dona wina, ndipo mu ofesimo munali kompyuta, yokhayo kuchokera ku Khombedza mpaka kunyanja, yolumikizidwa ku waya wa foni, moti ikatsegula intaneti foni sinkalowanso. Dona akapita ku Lilongwe ndinkaitana ochotsedwa aja, ophika, ochapa, oyala mabedi, n'kumawaphunzitsa kusaka ntchito pagalasipo, mpaka ena zala zawo zinkalemba zokha eni ake ali mtulo.

Koma amene anandiwawitsa mutu ndi a Jailosi, woperekera zakudya wakalekale, mkamwini ku Lifuwu. Atsibweni a mkazi wawo anali atatopa nawo, ati mkamwini wosagwira ntchito ndi nankafumbwe. Tsiku lina atsibweniwo anabwera nawo okha, atamangirira mphasa ndi chikwama cha a Jailosi panjinga, n'kukhala patsinde pa mango kunja kwa ofesi. Anati dzuwa likangopendeka ntchito isanapezeke, munthuyo akamusiya pa basi ya kwawo ku Ntchisi, mkazi ndi ana atsala.

Ndiye a Jailosi alowa, malaya oyera mbee, tayi pakhosi, kathawulo pamkono. Ndawakokera mpando, akana.

“Achimwene, chiyambire ntchito sindinakhalepo pansi pamaso pa bwana. Ndiyambe lero akundiyang'ana m'galasimu?”

Ndinawachonderera, ndinawatukwana, koma ayi ndithu, anaima chilili kumanzere kwa kompyuta ngati akudikira mlendo amalize supu, n'kumadina batani lililonse ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira mkono, n'kunena zikomo pa chilembo chilichonse, moti dzina lawo lokha lisanathe nyemba zikanapsa. Ine maso pawindo, chithunzithunzi cha mango chikufupika.

Pamenepo ndi pamene mwera unabwera, osati timphepo tanu ta masiku anoti, koma mwera umene unanyamula mabwato ku Mbenji n'kukawapachika m'milambe asodzi akupalasabe, ndipo waya wa foni unangoti phwii, kuduka pakati, galasi n'kuyera. Kunja atsibweni aja anadzuka n'kuyamba kupopa tayala.

Mantha anandigwira, sindibisa. Ndinakwera mtengo wa foni opanda makwerero, n'kugwira nsonga ya ku Lilongwe, kuiluma tsaya lamanzere, ya ku ofesi tsaya lamanja, ndipo intaneti yonse ya dziko lapansi inayamba kudutsa m'kamwa mwangamu, tsitsi linaima, m'makutu mukutuluka Chingelezi, amayi opita kumjigo akumva nkhani za ku Mangalande pamchombo panga, njiwa imene inatera pamutu inauluka ikulankhula Chifalansa. Mukumva? Ntchito iliyonse ndinkailawa isanafike pagalasi. Ya kumigodi ya ku Joni inali ya dzimbiri, yaulonda yowawa ngati kwinini, ya pasitima ya m'nyanja yamchere inanditulutsa madzi m'mphuno pamodzi ndi nkhanu yamoyo. Zonsezo ndinkazilavulira pansi, ndipo pamalopo udzu sumeranso.

Kenaka inadza ina yotsekemera, yozolowereka pakamwa, ngati kuti ndinaidyapo kale. Kuyankhula sindikanatha, ndikangotsegula pakamwa banja latha, ndiye ndinamenya mtengowo ndi chidendene mpaka unalowa pansi kufika m'chiuno mwa munthu, a Jailosi n'kuzindikira kuti ayankhe imeneyo. Koma kuyankha kwake, abale inu! Chilembo, zikomo, chilembo, zikomo, chilichonse chikundipyoza m'nkhama ngati mchenga wotentha, nsagwada zikunjenjemera, malovu akuwira, atsibweni phazi lili kale papedulo, dzuwa layamba kupendeka, ine n'kulitong'olera maso odzaza magetsi mpaka linachita manyazi n'kubwerera pamutu. Mukumva inu? Linabwerera, atambala a ku Lifuwu anasokonezeka sabata yathunthu.

Yankho linadutsa lofunda ngati phala la shuga, loti munthuyo ayambe mawa lomwe. Ndili pamwamba pomwepo ndinaona atsibweni akumasula mphasa panjinga, akuti akamwini athu, akamwini athu, mano onse pamtunda.

Ndinatsika n'kulowa kuti ndione ntchito imene ndavutikira chonchi. Kani dona anakhala akuimba foni ya paloji kuyambira m'mawa osalowa, wapsa mtima, n'kulengeza pa intaneti ali ku Lilongwe komweko kuti akufuna mesenjala watsopano ku Senga Bay, waulemu, wosaseweretsa foni. Nditatembenuka ndinapeza a Jailosi agwada, manja awiri atatambasula, misozi ili m'maso.

“Zikomo aphunzitsi. Akuti makiyi mundipatsiretu.”

Ndinapereka, nanga ndikanatani? Banja lawo lilipobe, adzukulu mbwee. Ine nanenso ndinali mkamwini, ndipo mwezi usanathe amene anakwera basi ya kwawo ndine. Koma ndikubwereza, kuno ku Salima sikunabadwe mphunzitsi wa intaneti wondiposa: wophunzira wanga wopusitsitsa anapeza ntchito tsiku limodzi, ine mwini wake ndikuisakabe.