Makutu Anga pa Boterekwa

Amene akuti ndine wabodza adzuke pompano andisiyire mpando, chifukwa inu ana a ku Mkoba mumadziwa kukwera kombi basi, za magetsi a galimoto simuzidziwa. Ine ndinatsitsapo basi yodzaza anthu olira pa phiri la Boterekwa ndi makutu angawa, ndipo ndikanama mphenzi indipeze.

Mnzanga Jailosi, amene tinakumba naye mgodi ku Shurugwi kuyambira tili anyamata, anamwalira atasiya mawu akuti akamuike ku Zvishavane pafupi ndi mayi ake, ndiponso kuti apite pa pikapu yake yakale ija, osati ina. Tsiku la maliro kunagwa nkhungu yoti ukatambasula dzanja zala zako osaziona. Msewu wa Boterekwa mumaudziwa, umakhota ngati matumbo a mbuzi, phompho lili pambali. Dalaivala wa basi anandiuza kuti, "Mudhara, ini handione chinhu, sindikuona kanthu. Ndizitsata magetsi anu akumbuyo. Akazima, tonse tikagona kumodzi ndi malemu."

Tiyatse magetsiwo, zii. Mabuleki zii, indiketa zii. Ndinalowa pansi pa galimoto, ndipo zimene ndinaona ndi izi: Jailosi anachotsa mawaya onse a fakitale n'kuikamo waya wophulitsira miyala wa ku mgodi, yense wofiira, wopiringizana ngati zisa za mpheta, ndipo munthu yekhayo wodziwa kuti uyu ndi wa chiyani anali gone m'bokosi pamwamba panga. Mukumva?

Tesita yoyesera moto ndinalibe, koma lilime ndinali nalo. Ndinayamba kunyambita waya mmodzimmodzi, mwana wa malemu akuponda buleki ndi kukhotetsa indiketa, ndipo wa buleki ankawawa ngati mchere, wa magetsi oimikira ankazuna pang'ono, wa indiketa ankaluma n'kusiya, kuluma n'kusiya, moti ndinawasiyanitsa onse malovu asanaume. Fyuzi inali itapsa, ndinaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Komabe zii. Apo ndinadziwa kuti vuto ndi efi, waya wobweza moto ku chitsulo cha galimoto. Anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo wina wolumikizira panalibe.

Azimayi anali atayamba kale nyimbo m'basi. Ndinati Jailosi sagona panjira ine ndilipo. Ndinakhala kumbuyo pambali pa bokosi, mawaya ndinaluma ndi mano, phazi lopanda nsapato ndinaponda pa chitsulo, ineyo ndinasanduka efi. "Tiyeni!"

Abale anga, moto uja unalowa m'mano, n'kutsika msana, n'kutulukira kuchidendene, ndevu zonse zinaima, ndipo dalaivala wa pikapu yathu akati akhotere kumanzere khutu langa lamanzere linkaphethira lokha, akaponda buleki makutu onse awiri ankafiira ngati makala, mpaka nkhungu yondizungulira inkasanduka nthunzi, anyani a m'phirimo anakhala m'mbali mwa msewu manja ali pamutu, ndipo basi inkatitsata pambuyo mwakachetechete, nyimbo yokha ikumveka mumtambomo ngati ikuchokera kumwamba. Mukumva? Ine amene sindinalirepo chibadwire ndinalira, misozi n'kumawira pamasaya.

Tinafika tonse amoyo, kupatula mwini ulendo. Dalaivala wa basi anatsika n'kundigwira dzanja. "Sekuru, magetsi otere sindinawaonepo. Ofiira bwino, ngati akundiitana."

Titaika maliro ndinati ndikonze efi ija mwaulemu. Ndinamasula magalasi a magetsi akumbuyo aja, amene m'mawa sindinawatsegule chifukwa zomangira zake zinachita dzimbiri. Munalibe babu ngakhale limodzi. Mkazi wa malemu anati, "Mababuwo anachotsa kale anzanuwo, anakaika m'khola la anapiye."

Ndinakhala pansi, thupi lonse tsembwe. Anthu a mpingo amati anali Jailosi akudziunikira njira yopita kwa mayi ake, ndipo ine sinditsutsana ndi akufa. Koma Jailosi moyo wake wonse sanapatsepo indiketa pokhota, ndiye akanayambira m'bokosi? Anali makutu angawa. Bwerani muwagwire, mpaka lero akadali ofunda.